Machila Opanda Onyamula

"Ndiye mukuti machila, koma opanda onyamula?"

"Onyamula alipo. Awiri."

"Ali kuti?"

"Mmodzi ndi amene mwamutsamirayo."

Dainess anachotsa msana pamtengo wa mango n'kuucheukira. Unali umodzi mwa mitengo iwiri imene malemu bambo ake anabzala kuseri kwa nyumba, ndipo kufikira tsikulo panalibe amene anaiganizirapo ntchito ina koposa kubereka mango ndi kuitana ntchentche. Amosi anali atayenda kale kawiri kuchoka pamtengo wina kufika paunzake, akuwerenga mapazi chamumtima. Anati anali khumi ndi anayi. Anati onyamula oterewa sadandaula phewa, sapempha posho wa chakudya, ndipo mzungu sangawachotse ntchito.

Zomalizazo anazinena akuseka, koma zinali zake zomwe. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Amosi anali wonyamula machila a mzungu wa pa esiteti ya tiyi, mmodzi mwa amuna khumi ndi awiri amene ankasinthana kuthamanga ndi munthu wogona paphewa, kukwera ndi kutsika zitunda za Thyolo. Kenaka mzungu anagula galimoto. Amuna khumi ndi awiri aja anapatsidwa makasu, ndipo machila anaponyedwa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, pamodzi ndi masaka ong'ambika ndi zingwe zotha ntchito.

Dainess za ku esiteti analibe nazo kanthu. Nkhawa yake inali m'nyumba, mmene amayi ake, a Sara, anagona pamphasa kuyambira mvula yoyamba. Chifuwa ndicho chinawagwetsa, mphasa n'kumaliza zotsala: kumsana kwawo kunali zilonda zitatu zosapola. Namwino wa kuchipatala cha mishoni anali atanena kuti azigonekedwa panja, pa kamphepo kabwino, ndiponso pofewa, posakhudza pansi. Ananena zimenezi mosavuta, monga amanenera anthu amene kwawo kuli bedi.

"Amayi ndi munthu wathupi," anatero Dainess. "Si mzungu wanu wouma uja."

Amosi anayankha kuti n'chifukwa chake machilawo adzakhala aakulu, oti munthu agone mopingasa, wina n'kukhala pambali pake ndi mbale ya phala. Kenaka anayang'ana pansi, nati zonsezi zidalira a Jeremiya.

Zonse pakhomopo zinkadalira a Jeremiya.

* * *

A Jeremiya anali mlongo wawo wa a Sara, malume a Dainess, mwini mbumba, ndiponso mkulu mumpingo wa Sabata. M'nyumba za mbumba yawo simunkalowa fodya, mowa, nyama ya nkhumba ngakhalenso tiyi, chikhalirecho tiyiyo anazinga mudziwo mbali zitatu. Iwo anawoloka Ruo kuthawa Apwitikizi zaka makumi awiri Amosi asanawoloke, ndipo zaka zimenezo zinawakwanira kuti anthu onga Amosi aziwatcha obwera.

Miyezi itatu m'mbuyomo Amosi anali atatumiza mkulu wina wa kwawo kudzafunsira Dainess. A Jeremiya anamulandira bwino mkuluyo, namupatsa makaka ndi nandolo, namuperekeza mpaka kumsewu, osanena inde, osanena ayi. Mawu oti ayi ankadana nawo. Ankati ndi kamawu kakafupi kamene kamasiya chidani chachitali. Iwo ankakonda kumupatsa munthu njira yoti adzikanire yekha.

Choncho atamva za machila sanakane. Anakhala pakhonde, naika malamulo atatu. Pasakhale chogula, chifukwa mwamuna wolowa m'mbumba yawo ayenera kudziwa kutola. Pasakhale chakuba: chilichonse chochoka ku esiteti achipereke kapitawo ndi dzanja lake, masana. Ndipo pasakhale mfundo ngakhale imodzi yomangidwa pa Sabata, kaya pakhomopo kaya kwina. Machilawo akanyamula mlongo wawo osagwa, ankhoswe a Amosi abwere adzakambe za ukwati.

Lamulo lachinayi sanalinene, poti aliyense ankalidziwa. Munthu amene wafunsira mbeta pakhomo ndi mkamwini kale m'maso mwa anthu, ndipo mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sapatsana chinthu pamanja, ndipo koposa zonse mkamwini sakhudza pogona pa apongozi. Mpingo unali utachotsa ng'oma, mikanda ndi nsembe za patsinde pamtengo, koma mwambo umenewu unaupeza uli chikhalire n'kuulambalala.

Dainess anakhala pansi nawerenga masiku. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka Amosi anali wa mzungu. Loweruka lomwelo linalinso la Mulungu wa a Jeremiya. Kunatsala Lamulungu, limene linali la Mulungu wa Amosi, pakuti kumpingo wa kwawo ankaphunzitsa kuti wogwira singano tsiku limenelo akudzisokera nsalu yokavala kumoto. Motero m'sabata yonse munalibe tsiku limene Amosi akanamanga mfundo osalakwira wina. A Jeremiya anali ataziwerenga kale zimenezi, ndiye chifukwa chake anavomera msanga.

Amosi anasankha kulakwira wake. Anati wakeyo anadziwana naye kalekale, adzamvana.

* * *

Lamulungu loyamba anafika atasenza mtolo waukulu kuposa iye mwini. Kapitawo anali atamupatsa zonse masana, pamaso pa anthu, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Munali chinsalu chokhuthala cha machila akale aja, chobooka pakati pomwe pankafika matako a mzungu. Masaka khumi ndi asanu. Zingwe za khonje zodukaduka. Ndi tayala la galimoto, limene miyala ya msewu wa ku Thekerani inaling'amba lisanathe mwezi. Dainess atafunsa ntchito ya tayalalo, Amosi anati alidula n'kukulunga nalo mitengo kuti chingwe chisadye khungwa. Galimotoyo inamudyera ntchito, anatero, ndiye ibwezeko kenakake.

Masakawo anakawachapa kumtsinje ndi phulusa katatu, chifukwa ankanunkha tiyi, ndipo a Sara anali atanena kuti ngati n'kufa, safuna kukafika kumwamba akununkha chinthu choletsedwa. Zingwe anazimasula ulusi umodziumodzi, kutaya wowola, n'kupota zatsopano pantchafu. Dainess ankasoka masaka awiriawiri ndi singano yaikulu. Amosi ankaluka ukonde woti udzakhale kunsi kwake, ndipo ankaluka osayang'ana manja, maso ali pa wosokayo, mpaka wosokayo anadzibaya kawiri tsiku limodzi.

Vuto loyamba linali muyeso. Womanga machila amayamba wamuona munthu wodzagonamo, koma uyu anali munthu amene Amosi sankayenera kumuona. Dainess analowa m'nyumba ndi kachingwe, natuluka atamangapo mfundo ziwiri, ina ya kumutu, ina ya kumapazi. Amosi anakayang'ana kachingweko nthawi yaitali, nati msinkhu wauona, koma msinkhu sudula chingwe.

"Kulemera kwawo, mungati matumba angati a chimanga?"

"Amayi anga mukuwayesa chimanga?"

M'nyumba munamveka kutsokomola, kenaka mawu a wodwalayo, olunjika kwa mwana wake koma okwera mokwanira kudumpha khoma.

"Dainess, uwauze alendowo kuti ndisanadwale ndinali matumba awiri. Tsopano ndi limodzi ndi dengu."

Amosi anafulatira nyumba, nayang'ana kuphiri monga mwambo unkafunira.

"A Dainess, muwauze kuti ndimangira atatu, poti achira."

Kuyambira pamenepo awiriwo ankacheza motero Lamulungu lililonse, wina kuseri kwa khoma, wina atafulatira, Dainess ali pakati ngati nsanamira, osabwereza mawu ngakhale amodzi. A Sara anafunsa za kwawo kwa Amosi kutsidya, napeza kuti mtsinje umene iye ankasamba ali mwana ndi womwewo umene iwo ankatungako madzi. Amosi akamaimba motsitsa nyimbo za onyamula machila m'Chilomwe, kutsokomola kwa m'nyumba kunkaleka. Akachoka, a Sara ankamufunsa Dainess kuti munthuyo nkhope yake njotani, mano ali nawo onse kodi, nanga mapewa aja akuti anachita zipsera n'zoona. Dainess ankayankha mwachidule, amayi ake n'kunena kuti wayankha motalika.

* * *

Panali munthu wina amene nkhani ya machila inamusowetsa mtendere. Chester anali mphunzitsi pa kasukulu ka mpingo, mwini njinga ndi nsapato zoyera. Iye sanamufunsirepo Dainess, chifukwa ankaona kuti munthu wonga iye safunsira, amangoyembekezedwa. Anali atayembekezedwa zaka ziwiri popanda womuyembekeza kudziwa.

Tsopano analemba kalata. Anaipereka kwa Esnat, msuweni wa Dainess wothyola tiyi, mayi wosadziwa kuwerenga koma wodziwa za m'kati mwa kalata iliyonse imene ananyamulapo. Kalatayo inayamba ndi "Mlongo wanga wokondedwa mwa Ambuye," ndipo inati kuchipatala cha mishoni kuli bedi lachitsulo limene lidzatulutsidwa mabedi atsopano akadzafika pasitima yapamadzi, ndipo iye walankhula kale ndi oyenera. Inati machila ndi chinthu cha ukapolo. Inatinso sikoyenera mayi wa mumpingo kupachikidwa mumtengo ngati mkoko wa nthochi.

Dainess sanayankhe. Sanaitenthenso.

Esnat, amene sankakonda kuona ndiwo zopanda mchere, anakamuuza Amosi m'munda wa tiyi kuti bedilo lafika kale, ndipo aphunzitsi anadya nkhuku kwa a Jeremiya pa Sabata, ntchafu zonse ziwiri.

Lamulungu lachinayi Amosi anabwera wopanda nyimbo. Anamanga mfundo zake mokoka kwambiri mwakuti khonje linkalira. A Sara anafunsa kudzera mwa mwana wawo ngati alendowo adzuka bwino, iye n'kuyankha kuti adzuka, basi. Dzuwa litafika pamutu ndi pamene analankhula, maso ali paukonde.

"Ndamva kuti kukubwera bedi."

"Likubwera."

"Ndiye ine ndikuvutikiranji ndi masaka?"

"Sitimayo ikadali panyanja. Zilonda zili kuno."

Amosi anafunsa ngati kalatayo anaiyankha. Dainess anati ayi. Anafunsa chifukwa chimene akuisungira ngati sanaiyankhe. Dainess anaika singano pansi, nalowa m'nyumba, natuluka nayo. Kuseri kwake anali atajambulako ndi khala maso a ukonde, mzere ndi mzere, kuti m'kati mwa sabata, Amosi ali kwa mzungu, iye azipitiriza kuluka osasokoneza. Pepala n'losowa, anatero, ndipo la aphunzitsi n'lolimba bwino.

Amosi anatembenuza pepalalo, nayang'ana mbali yolembedwayo monga munthu ayang'ana madzi amene sadziwa kuya kwake. Anati amuwerengere. Dainess anamufunsa ngati akufuna zonse, iye nati zonse. Anamuwerengera, osadumpha za mlongo wokondedwa, osadumpha za ukapolo. Atafika pa nthochi anaima.

Za ukapolo Amosi anati aphunzitsi akunena zoona, kungoti akuuza munthu amene mapewa ake akudziwa kale. Kenaka anatola chingwe chake.

"Koma nthochi yomanga ine sigwa."

Kuseri kwa khoma kunamveka kuseka kumene kunathera m'chifuwa, ndipo Dainess anathamangira m'nyumba ndi chikho cha madzi. Potuluka anapeza nyimbo yabwerera.

* * *

Machila anatha Lamulungu lachisanu ndi chimodzi. Anali chinthu chosakongola kwenikweni: masaka amitundu itatu, chinsalu cha mzungu chili pakati ndi chigamba pamalo obooka paja, nsungwi ziwiri zotambasula kumutu ndi kumapazi, zidutswa za tayala zitakumbatira mitengo. Koma anali aakulu moti nkhuku zonse za pakhomopo zinasonkhana mumthunzi wake, ndipo mphepo ikaomba ankagwedera pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokhuta.

A Jeremiya anali atanena kuti abwera dzuwa likapendeka, pochokera kumunda, kudzaona mlongo wawo akugonekedwamo. Amayi anayi a m'mbumba anali atauzidwa kale kuti adzanyamule wodwalayo, ndipo Amosi anali woti nthawi imeneyo akaime kumsewu.

Iye anakwera mumtengo wachiwiri kukakoka chingwe chomaliza. Dainess anaona kuti nthawi ikutha, ndipo anachita zimene mwana wamkazi aliyense akanachita. Analowa m'nyumba, nasolola mosamala bulangete lofiira la amayi ake ndi mtsamiro wawo, nadzaziyala m'machilamo, nasalaza makwinya ndi chikhatho.

Amosi anatsika. Anazungulira machilawo kamodzi, akugwira mfundo iliyonse. Kenaka nayenso anachita zimene wonyamula machila aliyense akanachita. Pakati pa amuna khumi ndi awiri aja iye ndiye anali womanga mfundo, ndipo lamulo la ntchito yawo linali lakuti womanga mfundo ndiye woyamba kugonamo. Ngati n'kugwa, agwe iyeyo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anachita zimenezi m'mawa uliwonse mzungu asanatuluke, mpaka zinasanduka ngati kusukusula kumaso. Sanaganize. Anakhala m'mphepete, nakweza miyendo, nagona chagada, nadzigwedeza mwamphamvu kuti zingwe zinene zoona.

Zingwe sizinadandaule. Dainess anaseka, nakankha machilawo ndi manja awiri. Anapita, nabwera. Anakankhanso. Amosi anayang'ana masamba a mango akudutsa pamwamba pake, nati kwa mzungu sankaloledwa kukhalitsamo chotere, ankangogona n'kudzuka. Dainess anati akhalitse, wagwira ntchito. Kwa masabata asanu ndi limodzi chinthucho chinali masaka ndi zingwe, ndipo palibe mwa awiriwo amene anaona nthawi imene chinasiya kukhala masaka.

Belu la njinga linalira kamodzi.

Chester anali ataima pangodya ya nyumba, phazi limodzi pansi. Anavula chipewa, napereka moni kwa Dainess mwaulemu wonse. Kenaka anayang'ana munthu wogona m'machilayo, nayang'ananso bulangete lofiira.

"Odwala athu akupeza bwanji lero?"

Sanadikire yankho. Anatembenuza njinga nalowera njira ya kumunda kwa a Jeremiya. Ndi pamene Dainess anaona pamene panali mutu wa Amosi: pamtsamiro wa amayi ake.

* * *

A Jeremiya anabwera osathamanga, khasu lili paphewa, Chester akukankha njinga pambuyo pawo. Kumbuyo kwa awiriwo kunali amayi anayi aja, Esnat, ndi anthu ena amene sanaitanidwe koma anali ndi miyendo. Amosi anali ataima patali ndi machila, manja kumbuyo. Pamtsamiro panali pakadali dzenje la mutu.

Mwini mbumba anayamba ndi ntchito. Anakoka mfundo imodziimodzi, nakanikiza pakati ndi chibakera, nasuzumira kunsi kuona ukonde. Ananena pamaso pa onse kuti chiwolokere Ruo sanaonepo ntchito ya manja yotere. Anafunsa ngati pali chogula, ngati pali chakuba, ngati pali mfundo ya pa Sabata, ndipo atamva mayankho anavomera kuti malamulo atatu asungidwa. Atatero anakhala pamuzu wa mango, naika khasu pansi, nafunsa kuti bulangetelo n'la yani.

Dainess anagwada, nati cholakwa n'chake, ndiye anayala. A Jeremiya anati kuyalira mayi ndi ntchito ya mwana wamkazi, mulibe mlandu m'menemo. Dainess anayesa njira ina. Anati amayi anali asanagonemo, ndiye chinthucho chinali chisanakhale pogona pawo. Mfundo imeneyi inawasangalatsa a Jeremiya. Anaitembenuza uku ndi uku monga munthu atembenuza fupa asanaliswe, kenaka nati pogona sipabadwa mwini akagona, pamabadwa poyala. Kupanda kutero, mwamuna aliyense akanamagona pamphasa iliyonse malinga mwini wake ali kuchitsime.

Amosi anafotokoza lamulo la onyamula machila. Anati anaonapo mnzake akukwapulidwa mpaka kukomoka chifukwa cha mfundo imene sanaiyese, ndipo iye sangapereke munthu wodwala kwa chingwe chimene sichinanyamule iye mwini. A Jeremiya anati ndi lamulo labwino, ndipo iwo akanakhala mzungu akanathokoza.

Apa Chester anakonza kukhosi n'kuyamba kutchula malemba. Mwini mbumba anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, yanu ntchito mwagwira kale lero. Bedi lija lifika liti?"

Chester anati mvula ikatha. Atafunsidwa kuti mvula yake iti, anati mwina ya chaka chamawa.

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu, ofooka koma omveka.

"Dainess, uwauze amalume ako kuti ine sindinaone kanthu. Khomali lilibe maso. Uwauzenso kuti msanawu ndi wanga."

"Achemwali," anatero a Jeremiya, "inu simunaone, koma mudzi waona. Mukagonamo lero, mawa mdzukulu aliyense wa m'mbumba ino adzakwatiwa ndi nyimbo yachipongwe ya nkhani imeneyi."

Amayi anayi aja anavomereza chapansipansi. Esnat, amene nyimboyo akanaiyambitsa ndi iyeyo, anavomereza koposa onse.

A Jeremiya anati iwo si munthu wotseka njira, ndipo apa akuona ziwiri. Ngati mnyamatayu ndi mkamwini, ndiye kuti mkamwini wagona pogona pa apongozi ake. Mlandu wotere umatha: abale ake abwera ndi mbuzi, apepesa, ndipo zokolola zikalowa nkhani ya ukwati ipitirira pomwe inalekera, pakuti malamulo atatu wasunga. Koma machilawo, bulangete ndi mtsamiro zitenthedwa dzuwa lisanalowe, ndipo manja amenewo sadzamangiranso mlongo wawo china. A Sara abwerera pamphasa kudikira sitima.

Ngati si mkamwini, ndiye kuti ndi mmisiri waganyu amene wayesa ntchito yake monga amisiri achitira, ndipo palibe mlandu. Bulangete lichapidwa, wodwala agonekedwamo lero lomwe, mmisiri apatsidwa nkhuku n'kuperekezedwa mpaka kumsewu. Koma mawu amene mkulu wa kwawo anabwera nawo adzakhala ngati sananenedwe, ndipo mawu okanidwa ndi mwini wake pamaso pa mbumba sabweranso kachiwiri.

Anati iwo sasankhira munthu.

Dainess ali chigwadire anawerenga njira ziwirizo kuchokera kutsogolo, naziwerenganso kuchokera kumbuyo, kufuna mpata umene amalume ake anaiwala kutseka. Sanaupeze. Panjira yoyamba anadziona m'mawa mwake akutembenuza amayi ake pamphasa, nsalu itamatirira pazilonda, iye akudziwa mumtima kuti mwamuna wamupeza ndi chiyani. Panjira yachiwiri anaona amayi ake ali pansi pa masamba a mango, akupuma bwino koyamba chiyambire mvula, iye atakhala pambali ndi mbale ya phala tsiku ndi tsiku m'chinthu chimene manja a Amosi analuka, belu la njinga likulira pangodya.

Anadziwa kuti Amosi akumuyang'ana, kudikira kuti mutu wake upendekere kwina. Mutuwo sunapendeke. Anayang'ana nyerere zimene zinkakoka chidutswa cha khonje kupita nacho kuuna kwawo.

Mphepo inaomba, machila opanda munthu n'kugwedera. M'nyumba munayamba kutsokomola kwakutali, kumene aliyense anakudikira kuti kuthe. Kutatha, a Jeremiya anatola khasu lawo naligoneka pamiyendo.

"Tiuze, Amosi, anthu akumva. Pakhomo pano ndiwe ndani, mkamwini kapena waganyu?"